Nthanga ya Azitona m'Bokosi la Sopo

Ku Astoria kuno palibe amene samudziwa Lefteris Karvounis, kalipentala wa pansi pa njanji ya sitima paja. Theka la mashelefu a m'mashopu a Agiriki anakhoma ndi iyeyo. Masiku ano mukamupeza atakhala pakhomo, kapu ya khofi m'manja, akutsutsana ndi wailesi. Ndi munthu wosavuta, koma mukamuputa pa nkhani ya ngodya ya bokosi, abale, muiwale za sitima yanu.

Chaka cha 1964 kunabwera mkulu wina wandevu wa ku Manhattan, wojambula zithunzi, dzina lake Corwin Pell. Anakwapatira katoni ya sopo wochapira wa Marlo, yomwe ija amataya kuseri kwa golosale iliyonse.

"Ndikufuna mabokosi amatabwa makumi asanu ndi atatu, kukula kwake ngati katoni iyi," anatero Pell.

"Chivundikiro mbali iti?"

"Opanda chivundikiro. Mukhome mbali zonse."

"Nanga katundu azilowera pati?"

"Simulowa kanthu. Ndikawapenta kuti azioneka ngati makatoni a sopo, anthu aziwayang'ana basi."

Madzulo ake Lefteris anauza mkazi wake Evdokia kuti ku Manhattan anthu akhuta mpaka mitu yazungulira. Koma ntchito anaigwira bwinobwino, poti dzanja lake silidziwa kuchita zamgwazo. Chinamuvuta n'chimodzi. Bambo ake, amenenso anali kalipentala kwawo ku Volos, m'dziko la Agiriki, ankati bokosi lopanda kanthu salikhoma, ndi malodza, ngakhale la maliro amayamba aikamo mwini wake. Tsono Evdokia ankamulongedzera buledi, tchizi ndi azitona zoti adye masana. Lefteris akadya, ankasunga nthanga zake m'thumba la ovolosi, ndipo asanakhome thabwa lomaliza la bokosi lililonse ankaponyamo nthanga imodzi. Sanauze Pell, sanauze mkazi wake. Akanayambira pati?

Mabokosi aja atapentedwa, anawasanja m'chipinda chachionetsero, anthu n'kumaseka. Ochepa okha ndi amene anagula, pa mtengo wa nsapato. Ena ankaikapo maluwa, wina akuti ankapondapo pokonza babu. Pell atamwalira zinthu zinatembenuka. Olemera anayamba kulimbirana, bokosi limodzi n'kuposa mtengo wa nyumba, ndipo mosachedwa panatulukira mabokosi onamizira. Lefteris analibe nazo ntchito. Anangopsa mtima kamodzi, ataona m'nyuzipepala chithunzi cha bokosi la ngodya yokhota, pansi pake atalemba kuti ndi la 1964. Tsiku limenelo sanadye.

Patatha zaka makumi atatu ndi ziwiri chikhomereni mabokosi aja, ku shopu kunalowa mayi wachikulire woyendera ndodo, mphunzitsi wopuma pantchito, Ruth Adelman. Dzina la Lefteris analipeza pa kapepala kakale m'makalata a Pell ku laibulale.

"Bambo Karvounis, malemu amuna anga Saul pondifunsira sanandigulire mphete," anayamba choncho. "Anabwera kwathu atasenza bokosi la sopo. Mayi anga anatsala pang'ono kumukwapula ndi tsache. Zaka zonsezi telefoni yathu yakhala palimeneli. Pano ndimati ndilipereke ku myuziyamu, kosungira zaluso kuja, m'dzina lake, koma akatswiri akukana. Akuti palibe lisiti, ndiye n'kutheka ndi la onamizira aja."

"Onamizirawo anayamba liti?"

"Cha m'ma 1980. Langali linali litakhala kale kwathu zaka zambiri."

"Ndiye akuti mukunama."

"Sakunena choncho. Ndi anthu aulemu." Mayiwo anapukuta magalasi. "Koma ndi zomwezo."

Lefteris anamva chisoni. Anavala suti yake ya kutchalitchi n'kukwera nawo sitima.

Ku myuziyamu anawalandira mkulu wosunga zinthu, a Whitcombe, bambo wa tayi ndi magolovesi oyera. M'chipinda chapansi munali mabokosi awiri a myuziyamuyo, okhala ndi mapepala awo onse, ndi la Mayi Adelman lili pambali lokha. Lefteris anangofika n'kukumbatira limodzi la awiri aja.

"Bambo, chonde! Sitigwira ndi manja!"

"Mwana wanga, ndinalikhoma ndine ili, iwe uli m'matewera. Khala chete umvetsere."

Analipendeketsa. M'katimo munamveka kolokoto, kolokoto. Lachiwiri, chimodzimodzi.

"Kaphokosoko timakadziwa," anatero a Whitcombe. "Tinalemba kuti ndi kachibenthu ka thabwa."

"Kachibenthu! Ine kusiya zibenthu m'bokosi? Imeneyo ndi nthanga ya azitona, chakudya changa chamasana. Onse makumi asanu ndi atatu ali nayo."

Kenako anatembenukira ku la Mayi Adelman. Pamwamba pake panali timizere ta mapazi a telefoni. Anayendetsa chala m'ngodya, n'kuona kuti ndi zake ndithu, msomali wapakati wopendama pang'ono monga amachitira. Analinyamula, n'kulipendeketsa.

Zii.

Anapendeketsera mbali ina. Zii.

Mayiwo anagwira ndodo ndi manja awiri, maso pansi. Lefteris anachita mantha. Pakamwa pake pomwe ndi pamene panali patangonena kuti onse ali nayo, ndipo akanati "ngodyazi ndi zanga," ndani akanamvera nkhalamba imene yagwidwa ndi mawu ake omwe? Anangoima, bokosi lili pamimba, akuyesa kukumbukira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamenepo anakumbukira sabata yoyamba ija, asanazolowere matabwa opyapyalawo, mmene ankathirira guluu wambiri mpaka kuyenderera m'kati.

Anakunga chibakera n'kumenya pangodya yapansi, phaa!

A Whitcombe anakuwa ngati awaponda chala. Koma kukuwako kutangotha, aliyense anamva kanthu kakumatuka, n'kugubuduzika kuchoka ngodya ina kukafika ina. Kolokoto, kolokoto.

Mayi Adelman anakhala pansi pampando, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Saul, kamberembere iwe," anatero. "Anzanga anawagulira dayamondi, ine unandigulira nthanga yoti munthu wina analavula."

Sabata yotsatira anaunika mabokosi atatuwo ndi makina aja ounikira mafupa, nthanga zinaoneka bwinobwino, ndipo a Whitcombe anaimba telefoni kupepesa. Lefteris atafotokoza zonsezi kunyumba, Evdokia anaika supuni pansi.

"Iwe Lefteris, ndiye n'kumene zinkapita? Chaka chonse chija mbale inkabwera yopanda nthanga, ine n'kumati mwamuna wangayu akumeza. Ndinafika pofunsa adokotala!"

Bokosi lija pano lili m'chipinda chapamwamba, kuseri kwa galasi. Pakachikwangwani pali dzina la Pell, ndi mawu oti ndi mphatso ya Ruth pokumbukira Saul Adelman. La Lefteris palibepo, ndipo iye sadandaula. Amati amene amadziwa ngodya akaliona adziwa yekha. Evdokia ndiye anapita kamodzi, atavala diresi lake la Pasaka, n'kukauza mlonda kuti azitonazo ananyika mumchere ndi iyeyo.

Chimene chinamusowetsa mtendere Lefteris chinali china. Tsiku lina atapita kukawaona Mayi Adelman, anapeza telefoni ili pansi, pakona pamene panali bokosi, mayiwo akuwerama movutikira kuti aiyankhe. Patatha masiku anayi anakwera masitepe a nyumbayo atasenza bokosi latsopano, kukula kwake komweko, losapenta, lokhoma mbali zonse.

"Si la Pell ili," anatero akupuma mwawefuwefu. "Palibe amene angalifune. N'loikapo telefoni basi."

Mayiwo sanathamangire kuikapo telefoni. Anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kugwira bokosilo ndi manja awiri, n'kulipendeketsa pang'onopang'ono, khutu ali nalo pafupi.

Kolokoto, kolokoto.