Mizu ya Roza

Tsiku la sikelo ku Malomo, Eveline anabisa kabuku ka mwana wake m'chitenje. Mzere wa kulemera kwa mwanayo unali utatsikanso. Lonjezo, wa miyezi itatu, ankangopepuka. Alangizi a zaumoyo sanabise mawu: "Akatsikanso mwezi wamawa, mukagonekedwa kuchipatala."

Kumbuyo kwake kunali Roza, mkazi wa mlamu wake. Onse a chitengwa, khomo limodzi. Koma mwana wa Roza anali wojintcha. Amayi ankalimbirana kumunyamula. Lonjezo ankangomuona n'kuyang'ana kumbali.

Njiru inamudya Eveline. Roza akaseka, iye mtima kuwawa. Roza akayanika bulauzi yothimbirira ndi mkaka, iye ankati n'kudzionetsera.

Komatu Eveline ankachita zimene anauzidwa ndi akuluakulu pakhomopo. M'mawa ankasiyira apongozi mwana kuti azimumwetsa dawale, timadzi ta phala. Iye kumunda kuseri kwa phiri, mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera ankafinyira mkaka pansi, poti amati wotandala m'bere ndi wosasa. Mabere anayamba kuphwa.

"Roza ameneyu ali ndi mizu yochulukitsa mkaka," anatero mumtima. "Akundibisira."

Lolemba anamulondola mozemba mpaka kumunda wa soya, n'kubisala patchire. Roza, mwana kumsana, analima pang'ono, kuponya khasu, kukhala pamzere, kuyamwitsa. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu Eveline anamuona nkhope: waluma mano, misozi ikutsika.

Anatulukira. "Mizu yanuyo mumabisa pati?"

Roza anamuonetsa bere. Kunsonga kunali ming'alu.

"Mizu yake ndi imeneyi, amake Lonjezo. Wanga woyamba ndinkamusiyira dawale. Ali kumanda kwathu ku Kasakula. Mkaka susasa ayi. Mwana akamayamwa, umabwera."

Mawa lake Eveline anabereka Lonjezo, khasu paphewa. Apongozi anakalipa: "Mwana padzuwa? Nzeru za kusikelo zimenezi?"

"Pepani, amayi," anayankha, ulendo.

Sabata yoyamba, timadontho. Mwana kulira, iyenso kulira. Udzu unamupitirira m'munda. Sanaleke. Sabata yachitatu, bulauzi yake inanyowa.

Kusikelo muvi unakwera. Roza anasuzumira kabuku. "Ee, mukufuna kundipitirira?"

"Ndikupitirirani ndithu," anatero Eveline. Sankaseka kwenikweni.

Inu amene mukuyang'ana mwana wa mnzanu mtima ukuwawa, simudziwa misozi imene amake amakhetsera pamzere. Pitani mukawafunse. Ndiye nyamulani wanuyo, muikeninso kubere. Akakana lero, mawa yesaninso. Musafooke.