Ndidaopa Kuti Amayi Ayera

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kwathu kwa Nyachikadza, nkhondo ya Jeremani itangotha. Abambo adatengedwa ndi azungu kukanyamula katundu wa asilikali ndipo sadabwerenso. Tidatsala awiri, ine ndi amayi.

Chaka chimenecho amayi ankaphunzira za ubatizo kwa aphunzitsi a mishoni, ine ndili pambali ndikuthamangitsa ntchentche. Tsiku lina ndidamva aphunzitsiwo akuti, "Mulungu ndi woyera. Inunso mukabatizidwa mudzayera, mudzakhala ake."

Kalanga ine! Oyera amene ndinkawadziwa adali azungu okwera sitima pa Shire, omwewo adatenga abambo. Ndiye kuti amayi akalowa m'madzi atuluka ali mbuu, akwera sitima, ine nditsala ndi yani? Sindidauze munthu. Ndidangoyamba makani: kutunga madzi ayi, kupirikitsa mbalame ku mapira ayi. Amayi adandithira khofi kawiri, koma ndidaluma mano.

Tsiku laubatizo anthu adasonkhana pa thamanda lopanda ng'ona. Kudatentha, mchenga ukuwotcha kumapazi. Amayi atangoponda m'madzi ndidawathamangira, n'kugwira nsalu yawo ndi manja onse.

"Musayere, amayi! Musandisiye!"

Nyimbo idaduka. Ena adaseka mpaka kugwira nthiti, ine mamina ali chuchuchu. Amayi sadaseke. Adandifunsa bwinobwino, ndipo ndidakhuthula zonse. Kenaka adaitanitsa chikho, natunga madzi pamene tidapondaponda.

"Chanazi, madzi awa ndi otani?"

"Akuda."

Adayenda pang'ono, natunga pamene sipadapondedwe. "Nanga awa?"

"Oyera."

"Asanduka ufa kodi?"

Ndidasuzumira. Sadali ngati ufa kapena thonje. Ndinkaona mpaka pansi pa chikho.

"Mulungu ndi woyera chotere, mwananga. Mwa Iye mulibe matope, mulibe bodza. Satenga munthu n'kumutaya kutali. Ugwire nsaluyi, usaitaye."

Aphunzitsi adakanda mutu, koma adalola. Amayi adamizidwa ine ndili m'madzi olekeza m'chiuno, nditagwira nsonga ya nsalu, maso nditatsinzina. Nditatsegula, ndidaona amayi anga omwe aja, akuda bii, madzi akutsika m'mphini za kumaso kwawo. Ndidalira kuposa poyamba, koma tsopano ndi chimwemwe.

Lero ndakalamba, ndipo ndamva alaliki ambiri akufotokoza za chiyero cha Mulungu ndi mawu akuluakulu. Sindiwatsutsa. Koma chimene ndidziwa ine n'chakuti kuyera kwake si kwa khungu, ndipo sikulanda mwana mayi wake. Madzulo a tsiku lija amayi adandituma kukatunga madzi, ndipo ndidapita ndikuthamanga. Pobwera ndidawapeza ali pakhomo, akusenda chinangwa.