Chitenje Chonyowa M'mapiri a Tsangano

Tsiku limenelo tinkayanika masawu pabwalo. Unali mwezi wa Juni. Kwathu kuchigwa, cha ku Tete ku Mozambiki, Juni ndi mwezi wokoma: dzuwa limawala koma silipsereza, ndipo ana amagona pamphasa osafunda.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mng'ono wanga Tereza anali ndi ziwiri, ndipo anadzuka thupi litatentha. Amayi anali ndi pakati potopa. Bambo anali atapita kumsika ndi mbuzi ziwiri.

Mfuti zinayambira cha kusukulu. Kenaka utsi unakwera kumbali ya msika. Amayi analowa m'nyumba kamodzi kokha. Anatuluka ndi poto, ufa m'kathumba, mchere ndi mpeni. Mabulangete athu awiri anali pamtanda pomwe ankakhala chaka chonse. Anadutsa pansi pake osakweza dzanja. Kwathu bulangete linali la alendo ndi la maliro.

Inu adzukulu anga obadwira kuno ku Mzuzu mudzati amayi anga anali opusa. Inu mumadziwa. Mumadzuka ku Chibanja mawawa akugwa, mano akugundana, koma mukakwera minibasi ya ku Nkhata Bay mumavula juzi musanafike ndi pa Mpamba pomwe. Mumadziwa kuti ku Chikangawa galimoto zimayatsa nyali masana chifukwa cha nkhungu. Anzanga a pamsika amandiseka kuti, "Amama awa amaopa mphepo chomene," popeza ndimavala juzi ngakhale mu Okutobala. Asiyeni aseke. Ife sitinkadziwa kuti mwezi ndi womwewo, dziko ndi lomwelo, koma wina akutuluka thukuta pamene wina akufa ndi chisanu. Amati safunsa anadya phula, koma tikanafunsa yani, tonse tinali a kuchigwa?

Tinathawa mabanja anayi. Anatitsogolera a Fulansiko, bambo wachikulire amene anafikapo ku Malawi ali mnyamata. Anati tikadutsa mapiri a Tsangano ndiye kuti tapulumuka. Amayi anasenza katundu. Tereza ndinabereka ine.

Tsiku loyamba kunali kwathu ndithu. Minga, fumbi, milambe. Madzi tinkafukula mumchenga wa mitsinje youma. Msana wanga unanyowa ndi thukuta langa ndi la Tereza.

Tsiku lachiwiri tinayamba kukwera. Milambe inatha. Inabwera mitengo ya masuku, kenaka nayonso inayamba kuchepa. Mphepo inasintha fungo. Madzulo amayi anavula mpango kumutu n'kundimanga m'khosi. A Fulansiko analetsa moto. Anati utsi paphiri umaoneka kutali, ndipo mfuti tinkazimvabe kumbuyo. Tinadya masawu ndi ufa woviika m'madzi, n'kugona mothinana ngati ana a mbuzi.

M'mawa wa tsiku lachitatu udzu unali woyera. Ndinayesa phulusa, ndinati mwina ayatsa phiri. Nditapondapo mapazi anawawa ngati ndaponda makala. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife ana amene anali ndi nsapato. Nkhungu inali itatseka paliponse, moti munthu wachitatu kutsogolo kwako sunkamuona.

Tereza anali atatentha kuposa kale. Milomo inali itang'ambika. Ankapuma mothamanga.

Tinafika pakamtsinje koyenda pamiyala. Amayi anatula katundu. Kwathu mwana akatentha thupi timaviika chitenje m'madzi n'kumukulunga nacho. Amayi anatero ndi ine, agogo anatero ndi amayi, ndipo tonse tinachira. Kuchigwa chitenje chotere chimauma usanamalize kusesa pabwalo, n'kuviikanso. Anali mankhwala okhawo amene tinali nawo.

Amayi sakanatha kuwerama, ndiye chitenje choberekera Tereza anandipatsa ine kuti ndiviike. Madzi aja anandiluma zala mpaka m'mafupa. Ndinadabwa. Ndinachifinya pang'ono, monga ndinaphunzitsidwira, kuti madzi asathemo. Tinamukulunga. Analira kwambiri, kumenya timiyendo. Chitenje china tinalibe, choncho ndinamubereka ndi chomwecho.

Chitenje sichinaume. Dzuwa silinatuluke tsiku lonse. Nkhungu inasanduka mawawa, mphepo ikuchokera kutsogolo, ndipo pamwamba apo panalibe mtengo wobisalapo, udzu waufupi wokhawokha. Ine ndinkanjenjemera, koma ndinkayenda, magazi ankathamanga. Tereza sankayenda.

Analira mpaka masana. Kenaka ankangodandaula pansipansi, kukamwa kwake kuli pakhosi panga. Kenaka anagona. Ndinapisa dzanja kumbuyo n'kugwira kaphazi kake.

"Mayi, thupi lazizira. Malungo atha."

"Mulungu ngwabwino," anatero amayi. "Usamudzutse."

Ndinasangalala. Ndikunena poyera chifukwa ndi chimene chimandipweteka koposa zonse. Ndinayenda mtunda wonse wotsalawo mtima uli mbee, ndikuponda mosamala kuti ndisamugwedeze.

Cha kumadzulo tinatulukira m'minda ya kachewere. Ndinali ndisanaonepo mbatata yotere. Kutsogolo kunali msewu wadothi. A Fulansiko anaima pakati pake n'kunena kuti tsidya ilo ndi Malawi. Panalibe mpanda, panalibe msilikali. Tinangowoloka.

Panyumba yoyamba panatuluka mayi atavala jekete lachimuna ndi chipewa chaubweya. Anatiyang'ana mapazi, kenaka anabwera kwa ine n'kugwira chitenje.

"Mwana m'chonyowa? Kuno?"

Sanadikire yankho. Anamasula yekha mfundo pachifuwa panga, chifukwa zala zanga zinali zitauma. Anathamangira naye kukhitchini komwe kunali moto. Tinamutsatira. Anamugoneka pachiguduli, anamupukuta, anamutikita timanja. Anaika khutu pachifuwa nthawi yaitali. Kenaka anavula jekete lake lija n'kumufunditsa, kuyambira kumapazi mpaka kumaso.

Amayi sanalire tsiku limenelo. Anakhala pansi miyendo atatambasula, akuyang'ana moto. Mayi uja anatiwotchera kachewere. Ndinadya. Ndinali ndi njala, ndipo ndinadya zinayi.

M'mawa mwake amuna a m'mudzimo anakumba manda pakati pa abale awo. Sankatidziwa ngakhale dzina. Dothi linali lofiira, lonyowa, ndipo pakamwa pa okumbawo pankatuluka nthunzi. Mayi uja anakana kutenga jekete lake. Tereza anapita nalo.

Patapita masiku anatitengera kumsasa wa othawa nkhondo. Kumeneko amayi anabereka mwana wamwamuna, amene inu mumati agogo a ku Katawa. Bambo sitinawaonenso, ndipo palibe amene anatiuza za iwo. Ine ndinakwatiwa ndi agogo anu, wogulitsa kaunjika, ndipo ndi iwo anatibweretsa kuno kumpoto. Amayi anatsikira kuli chete ku Chibanja konkuno atakalamba. Zaka zonsezo sanandifunsepo za pamtsinje paja, inenso sindinawafunse.

Chimene sindidziwa mpaka lero ndi malo. Sindidziwa ngati Tereza anatisiya tisanawoloke msewu uja kapena titawoloka. Anali kumsana kwanga, ndipo sindinamve kanthu. Koma amayi, munthu akawafunsa kuti munathawa ndi ana angati, ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse. Ankati awiri, ndipo onse anafika.