Masupuni asanu ndi imodzi a shuga

Chaka chimene ndinadwala kukomboni kwathu ku Kanyama, shuga ankapezeka ngati wachita kubedwa. Anthu ankaima pa mzere kusitolo kuyambira m'mawa, n'kubwerako ndi chikwama chopanda kanthu. Atate anali atachotsedwa ntchito, ndipo asisi anga, amene anali ndi mutu kuposa tonse m'nyumba, anasiya sukulu. Kope lawo la bayoloje ankalisunga pansi pa matiresi.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mvula inali itadzaza komboni yonse, zimbudzi zitasefukira, ndipo m'mimba mwanga munatseguka. Pofika tsiku lachiwiri ndinali gone pamphasa, maso atalowa m'kati. Sindinkamva kuwawa kwenikweni. Ndinkangoona dzuwa likulowa pa tizibowo ta malata, tikuyenda pang'onopang'ono pakhoma, ine ndikuyandama nato. Atate anapita kukafuna wilibala yoti andinyamulire kukiliniki, koma msewu unali dziwe lokhalokha.

Amai ankandikonda, koma anandimana madzi. Ankati ukamwetsa mwana wotsegula m'mimba, ukuthirira matendawo.

Asisi anagwada pafupi nawo. "Amai, mwanayu sanakodze kuyambira dzulo. Akuuma. Mundilole ndimumwetse."

"Vamene amwa vichoka pamene apo," anatero amai.

"Madzi okha, ee. Afunika mchere na shuga."

Mchere tinali nawo. Shuga ndiye analibe m'nyumba kuyambira pa Khirisimasi. Asisi anatenga kapu ndi kasupuni ka tiyi, nakwinya chitenge mpaka m'maondo, n'kulowa m'madzi aja. Anafuna masupuni asanu ndi imodzi, ndipo panalibe nyumba imene ikanapereka onsewo. Ankapempha imodzi imodzi, khomo ndi khomo. Ena ankalumbira kuti alibe, kapu ya tiyi ili m'manja. Mayi wina wogulitsa makala anachita kukokota chitini ndi chala.

Atabwera anawiritsa madzi pa mbaula, nawaziziritsa, n'kudzaza botolo la lita imodzi. Anathira shuga uja ndi theka la kasupuni ka mchere. Kenako anaika mutu wanga pamiyendo pawo.

Ndinkakana kumeza, ine mwana wamakani. Ndiye anayamba kundiuza za m'kope lawo, mawu ali pansipansi. Anati thupi langa ndi tizipinda tating'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo kachipinda kalikonse kali ndi khungu lopyapyala kuposa la anyezi. Pakhungupo pali tizitseko, ndipo chitseko chilichonse chimadziwa mlendo wake. M'matumbo muli china chimene sichitsegukira mchere ukabwera wokha, koma ukagwirana dzanja ndi shuga. Awiriwo akalowa, madzi amawatsatira m'mbuyo.

"Meza, iwe. Ali pakhomo, akuodira."

Ndinameza. Ndipo ndinaziona ndithu, kapena ndinalota, sindidziwa. M'kati mwanga munali komboni ina, yoyera, yopanda matope, tinyumba tili ndandanda. Tizitseko tinkatseguka kamodzikamodzi, alendo akulowa awiriawiri, madzi akubwera pambuyo mwakachetechete. Ndinasanza kawiri. Asisi ankadikira pang'ono, n'kuyambanso, supuni ndi supuni. Amai anakhala pakona, manja ali patsaya. Ndikudziwa tsopano kuti ankaopa kuti mwana wawo mmodzi akupha mnzake iwo akuyang'ana, ndipo mpaka lero ndimawamvera chisoni chifukwa cha masana amenewo.

Tizibowo ta dzuwa tinatsika pakhoma, tinafika pansi, tinakwera pamapazi anga. Botolo linatsala pang'ono kutha. Atate anali asanabwere.

Muyenera kudziwa kuti ine ndinali wokodza pogona wotchuka. Amai anali atandikwapula kangapo chifukwa cha mphasa yomweyo, ndipo ankaiyanika panja kuti anzanga aone, mwina manyazi angandichiritse. Ndiye nditamva kutentha kukuyenda pansi pa ntchafu zanga, ndinadzidzimuka kutuluka m'maloto aja, ndinayamba kulira ndi mantha.

"Amai, pepani. Sindinachitire dala."

Amai anakwawa ndi maondo kubwera pomwe ndinagona. Anaika chikhatho chawo pamphasa ponyowapo, nachisiya pomwepo nthawi yaitali, misozi ikutsika. Kenako anatenga kasupuni m'manja mwa asisi, nati, "Bweretsa, manja ako atopa. Ndimumwetse ndine."