Makandulo seveni a Tadala

Lamlungu lapitali, Misa itatha ku tchalitchi kwathu ku Finglas, kuno kunja komwe tikukhala, mwana wanga Tadala anandisowa. Ndinakamupeza pakona paja timayatsapo makandulo. Anali atayatsa seveni.

Ndinamufunsa msangamsanga. "Iwe, kumudzi kwagwanji? Wamwalira ndani?"

Anandiyankha m'Chingerezi chake cha kuno, paja Chichewa amangomva. Akuti sabata imeneyo kusukulu ankakumbukira anthu seveni amene chombo chawo chinaphulika chitangonyamuka ulendo wa m'mlengalenga, kalekale iye asanabadwe. Mmodzi mwa iwo anali mphunzitsi wamba, mayi ngati ine, ndipo ana asukulu ankaonerera pa wailesi yakanema.

Tadala ali ndi zaka fifitini, ndipo nyimbo yake ndi imodzi: adzapita m'mlengalenga. Ine ndinati mwayi ndi uno.

"Waonatu? Bwanji osangopanga unesi ngati anzako?"

Sanakwiye. "Mami, panali mphunzitsi wina amene ankakonzekera limodzi ndi mphunzitsi anamwalira uja, woti alowe m'malo mwake akanadwala. Anaona zonse ndi maso ake ali pansi. Analira, n'kubwerera m'kalasi. Patapita zaka zambiri anakwera chombo china, anapita, n'kubwerako wamoyo."



Ife Amalawi maliro timawadziwa. Wina akamwalira kuno, timathawa shifiti, timakwera mabasi awiri m'mvula, timaimba mpaka mawu kusasa. Koma munthu akafera pa chinthu chimene anachilakalaka, timamusandutsa choopsezera ana. "Ankafunanji kumeneko? Akanangokhala pansi."

Akanangokhala pansi? Ife amene tikunena izi tinakhala pansi? Si ife tinasiya amayi akulira pabwalo la ndege, kubwera kudziko la chisanu kumene sitinkadziwako aliyense?

Anthu seveni aja sanali osasamala. Ankadziwa kuti walira mvula walira matope, koma anavala zovala zawo, anatsanzika ana awo, anakwera. Amene anatsala anafufuza chimene chinalakwika, n'kupitiriza ntchito. Ulemu wake ndi umenewo.

Ndinagwada pambali pa mwana wanga, tinapemphera. M'basi pobwerera anandifotokozera za masamu amene akufunika, zinthu zoti ine sindizitola n'komwe. Ndinkangogwedeza mutu, mapewa atakwera. Ndinkafuna basi yonse idziwe kuti ameneyu ndi wanga.

Mantha sanandithere, ndisaname. Koma za unesi sindidzatchulanso.

Nanga inu, mwana wanu akakulozerani nyenyezi, mumayang'ana kumene akulozako, kapena mumamutsitsa dzanja?