Mmene Geresomo Kalioti anawambidwira ali moyo

Geresomo Kalioti anabadwa pa 14 Malichi 1994 kwa Tengani, ndipo chiyambire kuyenda sanatsutsepo amayi ake. Anali msodzi wa m'dambo la Ndinde. Ankatha kukhala m'bwato tsiku lathunthu atapinda miyendo, osasuntha, mpaka mbalame zinkatera pa nkhafi yake.

Lachiwiri pa 17 Okotobala 2023 mwendo wake wamanzere unatupa ngati mtondo. Lachinayi mkazi wake Justina anamukweza pa njinga kupita naye kuchipatala chaching'ono cha kuderako. Makina ounikira kunalibe. Dokotala, mayi wachitsikana dzina lake Melissa, anabwereka tepi kwa telala wa pakhonde n'kuyeza akatumba onse awiri. Anati magazi aundana mumtsempha, ndipo chibulumacho chikathothoka n'kufika m'mapapo, munthu amafa ngakhale ali ndi zaka 29. Anamubaya jakisoni pamimba masiku asanu, n'kumupatsa mapilitsi. Anamulangiza kumwa madzi ambiri, kuyendayenda, ndiponso kuti wina asausisite mwendowo.

Amayi a Geresomo, omwe akhala akuwamba milamba kuyambira 1979, nkhaniyi anaimva mwawomwawo. Anati kuno mu Okotobala ngakhale mafuta a ng'ombe saundana, ndiye ngati magazi a mwana wawo aundana, m'thupi mwake mwalowa chisanu choopsa. Choundana chimasungunuka ndi moto.

Pa 25 Okotobala anamufunditsa mabulangete awiri n'kumugoneka pa waya wa uvuni wowambira nsomba, kamoto kakufuka pansi. Poti nkhuni n'zosowa, mbali inayo anayalako milamba. Ankatembenuza zonse nthawi imodzi, milamba ndi mwana yemwe. Madzi anamukaniza, ati angazimitse ntchito yonse.

Geresomo ankadziwa bwino zimene dokotala ananena. Koma kodi munthu angayambire pa waya kutsutsa mayi ake? Anangogona, misozi ya utsi ili chuchuchu. Agalu a m'mudzi anakhala mozungulira. Wogula nsomba wina wochokera ku Bangula anasuzumira n'kufunsa ngati wamkuluyo amagulitsidwa wathunthu kapena modula.

Tsiku lachitatu, Lachisanu pa 27, anamva ngati wina wamubaya ndi mkondo m'nthiti, mpweya n'kuyamba kuperewera. Anaitana Justina ndi mawu a udzudzu. Justina anabwera ndi njinga, koma apongozi ake anaima kutsogolo.

"Mukupita naye kuti, apongozi? Sanapse mbali iyi."

"Amayi, ndinakwatiwa ndi munthu ine, osati ndiwo."

Onse awiri anayang'ana Geresomo kuti agamule. Iye anayesa kupuma, anayang'ana pansi, kenako anati, "Amayi, pepani. Nditsitseni."

Kuchipatala odwala anzake anadandaula kuti fungo lake likuwapatsa njala. Dokotala Melissa anamumvetsera pachifuwa, n'kunena kuti kachibuluma kafikadi m'mapapo, koma kakang'ono. Anamuika pa mpweya usana wonse, kufikira magetsi a dzuwa atatha, n'kuyambiranso jakisoni. Pa 9 Novembala anamutulutsa. M'buku lake la kuchipatala analembamo kuti wodwalayu asaikidwenso pamoto, ndipo asamakhale pansi nthawi yaitali. Anadindapo chidindo kawiri.

Lamulo lachiwirilo Geresomo analigwira ndi manja awiri. Anayamba kupalasa bwato choimirira, ndipo sabata yoyamba anagwera m'madzi kanayi. Kutchalitchi ankaimirira ulaliki wonse, abusa n'kumafupikitsa poganiza kuti munthuyo watopa nawo. Pamaliro ankaoneka ngati ali ndi uthenga wa kuchimuna.

Loweruka pa 6 Epulo 2024 asodzi anakumana kuti asankhe wapampando wa komiti ya padoko, ntchito yokangana ndi anthu za maukonde oletsedwa. Atafunsa kuti wodzipereka aimirire, aliyense anakanirira pansi. Geresomo anali chiimire kuyambira m'mawa. Anamuombera m'manja asanamve n'komwe funso. Atamubweretsera mpando wa udindowo anaukana mwaulemu, n'kupempha kapu ya madzi kuti amwere pilitsi lake.