Bambo Chrispine Ngozo ndi Mapaipi Amene Adakwirira

Patha chaka chimodzi tsopano chiikireni m'manda Bambo Chrispine Ngozo, pulambala wathu, ndipo a komiti ya tchalitchi andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, poti tidakhala limodzi mu Mphakati wa Yosefe Woyera zaka makumi atatu. Ndavomera, koma ndawauziratu kuti za chaka cha kolera sindibisa. Ena amafuna ndilembe zokoma zokhazokha. Eni ake sadabise, ndiye ine ndibisirenji?

Bambo Ngozo adabadwa mu 1956 kumapiri a ku Kandeu, m'banja lolima chimanga ndi kachewere. Sukulu adalekezera Sitandade 7 bambo awo atamwalira, ndipo adapeza ganyu kumishoni wokumba ngalande za mapaipi. Kumeneko adaphunzira kudula paipi, kuifewetsa pamoto ndi kuilumikiza. Mu 1981 adakwatira Mayi Lufina nadzakhala kuno kwa akazi awo, kufupi ndi Nsipe. Mulungu adawapatsa ana anayi.

Madzi athu amatsika okha kuchokera kuphiri mpaka m'mipope ya m'midzi, ndipo paipi ikaphulika tonse tinkadziwa khomo logogoda. Ankabwera pa njinga, sipanala itamangidwa pakaliyala, n'kuyamba achita chizindikiro cha mtanda asanakhudze dothi. Ku Misa ankafika mathalauza atatuwa m'mawondo, ndipo tikawaseka ankati, "Ntchito yanga ndi yogwada. Ndikamalowa muno mawondo amakhala atazolowera kale." Pakhomo adali ofatsa kwambiri moti Mayi Lufina ankadandaula kuti ntchito yokalipira ana idatsalira iwo okha. Mwana wawo wamkazi, Tisunge, amakumbukabe kuti akadwala, bambo ake ndiwo ankamubereka ndi chitenje kupita naye kuchipatala, anthu akuseka m'njira monse.

Koma padali zaka zina zimene zida zinkasowa. Guluu kulibe, masoketi olumikizira kulibe, amayi ali ndii pakhomo pawo ndi zidebe zopanda kanthu. Pamenepo ankachita zimene apulambala ambiri a kumudzi amachita: kumanga paipi yophulikayo ndi legeni, mphira ya chubu cha galimoto, n'kukwirira, poganiza kuti adzabwereranso zida zikapezeka. Madzi ankatuluka, ife tinkathokoza, kwina akuitana kale. Sadabwererenso. Mudzi udakula, anthu adakumba zimbudzi osadziwa kuti paipi idadutsa pati, ndipo wodziwa adatsala iwo okha.

Mvula ya kumayambiriro kwa 2023 idabwera ndi kolera. Tidasiya kugwirana chanza, ngakhale moni wa mtendere pa Misa. Mwana akangodandaula m'mimba, mayi ake ankathamangira naye kuchipatala. Ine ndinkaopa ngakhale kapu yanga yomwe. Chotilimbitsa mtima chidali chimodzi, chakuti ife timamwa madzi a pampope osati a mumtsinje. Kenaka Atikonda, mwana wa zaka zinayi wa Mayi Maness, adadwala m'mawa, ndipo pofika mawa lake adali atapita. Adaikidwa ndi a zaumoyo, mayi ake osaloledwa ngakhale kumusambitsa. Banja limenelo silinkatunga kwina kulikonse koma pampope wa pafupi ndi tchalitchi. Mphekesera idabuka yoti wina wathira mankhwala m'madzi, ndipo amuna ena adayamba kuyenda ndi zibonga, akunena poyera kuti akamupeza amuwotchera nyumba.

Bambo Ngozo adatenga khasu okhaokha nakakumba kuseri kwa nyumba ina kumene paipi ya mpope uja idadutsa. Legeni imene adamanga zaka makumi awiri zapitazo adaipeza itafumbwa, ndipo chimbudzi chosefukira ndi mvula chidali mapazi ochepa kuchokera pamenepo. Adandifotokozera kuti madzi akasiya kuyenda, paipi imakoka za m'dothi kudzera pamalo otere, ndipo akabweranso zonsezo zimakatulukira kumpope. A zaumoyo adati sangatsimikize kuti mwanayo adatengera pamenepo. Iwo sadafune kubisala kumbuyo kwa mawu amenewo.

Loweruka masana adafika kwathu nandiuza kuti malo omanga ndi legeni awawerenga akwana khumi ndi amodzi, ndipo mawa alengeza m'tchalitchi. Ndidawaletsa. Ndikuvomera pano pamaso pa mpingo wonse kuti ndidawauza akonze mwakachetechete, palibe adzadziwe, aganizire Mayi Lufina ndi zidzukulu. Adandiyankha kuti miyendo yawo yayamba kutupa, ndipo okha sangakumbe malo onsewo mvula isanathe.

"Ndikuopa, amayi, sindikunama," adatero. "Koma ndikakhala chete, mawa anthu akatunganso."

Pa nthawi ya zolengeza adapita kutsogolo nanena zonse. Adatchula mpope uliwonse, napempha kuti itsekedwe yonse tsiku lomwelo, ndipo pasapezeke womwa madzi osawiritsa. Ine maso adali pakhomo, kuwerenga amuna amene akutuluka. Wina kumbuyo adanena mokweza kuti ameneyu wapha mwana. A katekisiti adayambitsa nyimbo, koma palibe adailandira. Bambo Ngozo adayenda wapansi kupita kwawo pakati pa anthu osawayankhula, akazi awo ali pambali, korona ili m'manja. Masana omwewo miyala idagwa padenga pawo, ndipo Tisunge adathawitsira ana ake ku Lizulu kwa mlongo wake Obed.

Lolemba m'mawa mawu adandipeza oti Mayi Maness akulunjika kwa a Ngozo khasu lili paphewa. Ndidathamangira komweko ndikudziwa kuti mayi ameneyu akangokweza mawu, amuna a zibonga aja sachedwa. Bambo Ngozo adatuluka nagwada m'matope.

"Dzukani," adatero Mayi Maness. "Sindinabwere kudzakukhululukirani, pamenepo sindinafike. Ndionetseni pokumba."

Pofika masana makasu adali khumi ndi asanu, ena a anthu omwe adaponya miyala aja.

Ntchito idatenga miyezi isanu ndi iwiri, chifukwa zida zinkabwera pang'onopang'ono ndipo Bambo Ngozo legeni adaikaniratu. Pena paipi yonse inkayenera kusamutsidwa kuti italikirane ndi zimbudzi. Nthenda ya mtima idawagwira zolimba, moti tinkawanyamula pa njinga n'kuwakhazika pampando, iwo n'kumaloza ndi ndodo. Apa tidayamba kuopa zina. Mayina a mipope tinkawadziwa, koma malo enieni okumba adali m'mutu mwawo mokha, ndipo tsiku lililonse akapanda kudzuka tinkafunsana ndi maso. Iwo ankangoti adapempha Ambuye kuti awadikire pang'ono.

Malo omaliza, a khumi ndi chimodzi, adali a paipi yopita kunyumba kwawo yokha. Mpope wawo adautseka okha Lamulungu lija, nati udzatsegulidwa ya anthu ikatha. Soketi ikapezeka, Obed ankawanyengerera kuti aganizireko amayi, koma ankakana. Mayi Lufina, mkazi wa pulambala, adatunga kwa anzawo miyezi yonseyo, ndipo sindidawamve akudandaula.

Malo a khumi adakonzedwa Lachinayi lina mu Okutobala. Tisunge atawauza, adamufunsa kawiri ngati waona ndi maso ake madzi akutuluka oyera. Atatsimikiza, adapempha kuti aitane bambo mfumu, nalandira masakramenti. Lachisanu m'mawa, Mayi Lufina akuwapempherera korona, adapuma komaliza ngati munthu wotopa amene wapeza mthunzi.

Pamaliro pamafunika madzi ambiri, ophikira, osamba m'manja, akumwa, ndipo m'mudzi monse nyumba yopanda madzi idali ya pulambala. Palibe adatuma munthu. Amayi adatuluka ndi zidebe kuchokera ku mipope yonse khumi nakumana pamsewu, mzere umodzi wautali wolowera ku siwa. Ndidasenza nawo, ine amene ndidati akhale chete, ndipo njira yonse ndidalira ndi manyazi.

Sindidzanena kuti adali munthu wosalakwa, chifukwa iwo akadandidzudzula. Adali munthu wamantha ngati ife tonse, koma adaopa kwambiri imfa ya ana a anzawo kuposa zibonga. Ambuye amene adawadikira awalandire ndi kuwapumitsa. Mvula ina yabwera n'kupita, ndipo kuyambira Lamulungu lija sitinaikenso mwana chifukwa cha madzi.